Momwe mungaonere nokha madzi akuundana ndi ayisi akusungunuka

Zoti madzi amaundana pa madigiri 0 a Celsius aliyense amene anadutsako kusukulu amazidziwa, koma mufunseni munthu yemweyo kuti nanga ayisi amasungunuka pa madigiri angati, ayamba kukanda m'mutu, wina ati 5 wina ati 10, pomwe yankho ndi 0 yemweyo basi. Pa 0 madzi amatha kukhala amadzimadzi, amathanso kukhala olimba gwa, ndipo chomwe chimawakankhira uku kapena uko si nambala yomwe ili pa themometa koma ngati kutentha kukulowa kapena kukutuluka. Zimenezi kungozimva ndi makutu sizikhazikika, bola kuziona ndi maso, nde m'munsimu muli zoti muchite nokha chimodzichimodzi.

Zoti mukonzeretu

Mufunika firiji yokhala ndi firiza, mabotolo a pulasitiki atatu kapena anayi, tambula yoonekera mkati, kapu, mchere, supuni, ulusi, maka yolembera pabotolo, pepala ndi wotchi, ya pafoni yomweyo ikwanira. Kasikelo ka digito ngati kalipo ndi bwino. Koma chida chenicheni apa ndi themometa, ndipo ikhale yoti imatsika mpaka -20 kapena kupitirira, mmwamba izifika pa 100. Ija yoyezera thupi la wodwala musavutike nayo, imangowerenga cha m'ma 35 mpaka 42. Popanda themometa zina mudzazionabe koma zokoma kwambiri zikuphonyani.

Ndinenetse chimodzi: mufiriza musaikemo botolo lagalasi lodzadza komanso lotseka. Limasweka, ndipo kutola magalasi pakati pa ayisi ndi zala zochita dzanzi si masewera.

Yambani ndi kuumitsa

Thirani madzi okwana mamililita 500 m'botolo lokulirapo kuposa madziwo, lembani mzere ndi maka pomwe alekezera, liyezeni pasikelo nkulemba kulemera kwake. Liimikeni chilili mufiriza, chitsekero musamange kwambiri. Firiza zambiri zimakhala pa -18 kapena pafupi ndi pamenepo. Ndiye musangolisiya mpaka mawa ayi, maola oyambirirawo muzikalisuzumira pakatha mphindi 40 zilizonse chifukwa zoti muone zimachitika mkatikatimu. Poyamba palibe chooneka, madzi akungozizira. Kenako pamwamba ndi m'mbali pamayala kaayisi kopyapyala, timizere tosongoka tikulowera mkati, pakati pamakhala pomalizira, mwakuti mutha kupeza kunja kwauma gwa koma mukaligwedeza mkati madzi akuseweramo. Kutentha kumatulukira m'mbali, nde madzi omwe agundana ndi khoma la botolo ndi amene amayamba kutaya kutentha kwawo.

Apa ambiri timati kuzizira kwalowa m'madzi. Kuzizira si chinthu choti chingalowe pena pake, chomwe chimayenda ndi kutentha, ndipo kumachoka pomwe kwachuluka kupita pomwe kwachepa. Firiji ntchito yake ndi kukoka kutenthako nkukakutaya panja, nchifukwa chake mukaigwira kumbuyo kapena m'mbali mumamva kufunda. Muzikumbukira zimenezi chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pomwepa.

Mawa lake litulutseni, pukutani chinyontho chakunja, liyezeninso. Kulemera ndi komwe kuja koma ayisi wadutsa mzere. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndiye 500 uja amasanduka cha m'ma 545. Nthawi zina mmalo mokwera m'mwamba botolo limangotupa m'mimba kapena kunsi mpaka osathanso kuima bwino, ndi zomwezo.

Chimachitika nchakuti molekyu ya madzi, kutanthauza kachidutswa kochepetsetsa ka madzi, ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidirojeni, H2O ija, ndipo mamolekyuwa amakokana, haidirojeni wa uyu kukoka okosijeni wa mnzake. Madzi akakhala amadzimadzi mamolekyu amagwirana nkutayana, kugwirana nkutayana, mofulumira kwabasi, akuyendayenda atathinana. Kutentha kukamachepa liwiro limachepanso, mpaka iliyonse imagwira anzake anayi osawatayanso, ndipo amandandalikana m'timagulu ta ngodya 6 tokhala ndi mpata pakati. Zili ngati anthu omwe anali piringupiringu mothinana m'chipinda, kenako mwawauza kuti aliyense atambasule manja agwirane ndi oyandikana naye, anthu ndi omwewo koma malo akufunika ambiri. Nchifukwa chake lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi pomwe lita ya ayisi ndi magalamu 917 okha. Zinthu zambiri sizitero, zikauma zimanyala, mukasungunula kandulo m'kachitini nkuisiya iume pakati pake pamalowa. Madzi ndi osiyana, ndipo mphamvu ya kufufumaku si yocheza, m'mayiko ozizira mapaipi amaphulika nayo, miyala yomwe madzi alowa m'ming'alu yake imagawika.

Mukadali pomwepo yang'anitsitsani ayisiyo, m'mbali ndi woonekera bwino koma pakati pali mbuu. Ndi mpweya womwe unali m'madzi, ayisi akamakula amaukankhira kutsogolo, nde poti pakati pamauma pomaliza mpweya wonse umatsekeredwa pamenepo. Mukafuna ayisi woonekera bwino yense ikani madzi m'chotengera chosatulutsa kutentha m'mbali, chosavundikira, kuti aziuma kuchokera pamwamba pokha, mumuchotse pansi pasanaume. Kuwiritsa madzi kaye kumathandizako koma pang'ono.

Tsopano sungunulani, themometa ili m'manja

Apa ndi pomwe pagona nkhani, musathamange. Tengani ayisi amene wangotuluka kumene mufiriza, mukulungeni m'kansalu nkumuphwanya tizidutswa ting'onoting'ono, thirani m'kapu mpaka kupitirira theka, zikani themometa pakatikati isakagunde pansi. Pakatha mphindi 2 zilizonse takasani kaye kenako lembani nambala yomwe ikuonetsa.

Poyamba ikhala pansi pa 0, kaya -10 kaya -8 kutengera ndi momwe mwachedwera pophwanya. Ena amadabwa apa poti amaganiza kuti ayisi aliyense amakhala pa 0, ayi ndithu, amatha kuzizira kupitirira pamenepo mpaka kufanana ndi firiza yomwe analimo. Nambala ikwera mwachangu, -6, -3, -1, kufika pa 0. Ikafika pa 0 imangoti duu. Mphindi 10 zidutsa, 20 zidutsa, ayisi akakhala wambiri ngakhale ola lathunthu, madzi akuchuluka ayisi akuchepa, chipinda nchofunda ndipo kutentha kukulowa ndithu m'kapumo, koma nambala osasuntha. Tizidutswa tomaliza tikamatha ndi pomwe imayambanso kukwera. Mukajambula manambalawo pa galafu mupeza mzere wokwera, kenako wogona wautali, kenako wokweranso.

Nanga kutentha konse komwe kumalowa pa nthawi yogonayo kumapita kuti? Kumathera pa ntchito yomasula mamolekyu aja omwe anagwirana anayianayi. Themometa imangoona liwiro la mamolekyu, ntchito yomasulayi siiona. Amene anazindikira zimenezi ndi Joseph Black wa ku Glasgow, Scotland, cha m'ma 1761, ndipo anakutcha kutentha kobisika. Kuchuluka kwake nkodabwitsa: kuti galamu imodzi ya ayisi amene ali kale pa 0 isungunuke pamafunika ma joule 334 (joule ndi muyezo wa kuchuluka kwa kutentha), pomwe kukweza galamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumangofuna ma joule 4.2. Gawani 334 ndi 4.2 mupeza pafupifupi 80. Tanthauzo lake, kutentha komwe kumangosungunula ayisi popanda kusuntha themometa ngakhale pang'ono kukanatha kutenthetsa madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa 0 kufika pa 80. Black ankanenanso kuti zikanakhala kuti kutentha kobisikaku kulibe, bwenzi chipale chofewa chonse cha m'mapiri chikusungunuka nthawi imodzi kukangofunda pang'ono, madzi nkusefukira koopsa.

Ngati yanu yaima pa 2 kapena 3 mmalo mwa 0, mwina simukutakasa, mwina ayisi wachepa ndipo akungoyandama pamwamba pomwe themometa ili pansi pa madzi ofundirapo. Mukaonjezera ayisi wambiri nkutakasa bwino koma ikuumirirabe pa 1 kapena -1, ndiye kuti themometa yanuyo ndi imene ikunama, lembani kuti imaphonya ndi digiri imodzi muzichotsera kapena kuonjezera pa zonse. Ndi momwe amayesera mathemometa, chifukwa ayisi wosakanikirana ndi madzi ake sasintha. Anders Celsius wa ku Sweden mu 1742 anamanga muyezo wake pa malo awiri omwewa, posungunuka ndi powira, kungoti iye anaika 100 poundana ndi 0 powira, ena anadzautembenuza pambuyo pake. Ngati themometa yanu ili pa muyezo wina wotchedwa Fahrenheit idzaima pa 32.

Tsimikizani 80 uja

Nambala za m'buku ine sindizikhulupirira msanga ngati pali njira yoziyesera, ndipo iyi ndi yosavuta. Mufunika fulasiki kapena kapu yosunga kutentha. Siyani ayisi panja mpaka ayambe kudontha, apo ndiye kuti wafika pa 0, mupukuteni, yezani magalamu 100. Tenthetsani madzi afike pa 80, yezaninso magalamu 100, samalani ndi zala. Ikani zonse mufulasiki, tsekani, gwedezani pang'ono, dikirani mphindi zingapo.

Musanatsegule lotani kaye kuti themometa ionetsa zingati. Ambiri amati 40, pakati pa 0 ndi 80. Tsegulani muone, ili pafupi ndi 0, mwina kachidutswa ka ayisi kakadalipo mwina kangotha kumene. Madigiri 80 onse aja adyedwa ndi kusungunula. Kuti muone kusiyana bwerezani ndi madzi ozizira a pa 0 mmalo mwa ayisi, aja mungatsanule m'kapu ya ayisi wosungunuka, magalamu 100 omwewo. Ulendo uno ndi pomwe mupeze cha m'ma 40. Onse anayambira pa 0, ayisi ndi madzi ozizirawo, koma zotsatira zatalikirana chonchi.

Zimagwiranso ntchito chobwerera. Madzi akamaundana amatulutsa ma joule 334 omwewo pa galamu iliyonse, ndipo akapanda kutuluka madziwo saundana. Nchifukwa chake botolo lija linazizira msanga koma kuuma linachedwa: kutsitsa galamu ya madzi kuchoka pa 20 kufika pa 0 firiji imachotsa ma joule 84, koma kuti galamu yomweyo iume iyenera kuchotsanso ena 334, kuchulukitsa kanayi. Alimi ena m'mayiko ozizira amapopera madzi pa mitengo usiku wa chisanu choopsa pa chifukwa chomwechi, madziwo akamaundana amatulutsa kutentha ndipo maluwa amakhala pafupi ndi 0 osatsika kwambiri.

Chitsulo, thabwa ndi nsalu

Ichi nchachangu. Tengani tizidutswa titatu ta ayisi tofanana kukula. Kena ikani pa poto wa aluminiyamu wovundikira chadodolido, kena pa thabwa, kena kakulungeni m'thaulo louma. Gwirani kaye poto ndi thabwa, poto akumveka wozizira eti? Nde munthu amaganiza kuti ayisi akhalitsa pa poto. Zosiyana, wa pa poto amayamba kutsetsereka m'madzi ake nthawi yomweyo pomwe wa pathabwa akadali phee. Poto ndi thabwa zonse zili pa kutentha kofanana ndi chipinda, kungoti chitsulo chimayendetsa kutentha mwachangu, chikakhudza dzanja lanu chimakulandani kutentha nde mumamva kuzizira, chikakhudza ayisi chimamupatsa kutentha mwaliwiro lomwelo. Wa m'thaulo ndi amene atsalire, thaulo silifunditsa chinthu palokha, limangotchinga njira ya kutentha kaya kukulowa kaya kukutuluka. Ndipo ayisi wophwanyaphwanya amatha msanga kuposa chibuma chimodzi cholemera mofanana chifukwa malo olowera kutentha achuluka.

Ayisi woyandama

Ikani ayisi m'tambula, thirani madzi mpaka ayandame osagunda pansi, lembani mzere pomwe madzi alekezera. Onani kuti gawo lalikulu lamira, pafupifupi magawo 9 pa 10, chomwe chatumphukira pamwamba ndi kagawo kochepa. Msiyeni asungunuke yense. Madzi sakwera, ali pamzere pomwe paja, olo mutadzadzitsa tambula mpaka pamlomo satayika. Chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana nacho, lamulo lomwe anatulukira Archimedes, katswiri wachigiriki wakalekale, nde ayisi akasungunuka amangokwana ndendende pa malo omwe anali atamira.

Tsopano sinthani pang'ono, ayisi muikeni pa sefa pamwamba pa tambula kuti azidonthera mkati. Madzi akwera. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapangitsa kuti pa nkhani ya kukwera kwa nyanja zazikulu maso azikhala kwambiri pa ayisi wokhala pamtunda, wa ku Greenland ndi Antarctica, kuposa woyandama kale panyanja.

Muli m'kati modikira, zikani themometa pansi penipeni pa tambula osatakasa, kenako muikweze pafupi ndi ayisi. Tambula ikakhala yaitali ndipo ayisi ndi wokwanira, pansi pamakhala pofundirapo kuposa pamwamba. Madzi amalemera kwambiri pa madigiri 4, akazizira kupitirira apo amayamba kupepukanso nkukwera. Nchifukwa chake nyanja zopanda mchere za kumalo ozizira zimauma kuyambira pamwamba, pansi pamatsala madzi a cha m'ma 4 ndipo nsomba zimapulumuka.

Lowetsanipo mchere

Dzadzani kapu yachitsulo kapena kachitini ndi ayisi wophwanya, dikirani themometa ikhazikike pa 0. Thiranimo mchere, muyezo wabwino ndi gawo limodzi la mchere pa magawo atatu a ayisi, takasani. Ayisi ayamba kusungunuka mwachangu, nde anthu ambiri amati mchere ukumutenthetsa. Yang'anani themometa. Ikutsika, -5, -10, -15, mukasakaniza bwino imatha kuyandikira -21 ndipo apo ndi pothera pa mchere wamba, olo muonjezere wina siipitirira. Kunja kwa chitini kuyamba kuyera, chimenecho ndi chinyezi cha mumpweya chomwe chaundana pachitsulo, si kuti chitini chikudontha.

Zimakhala chonchi. Pa ayisi wonyowa nthawi zonse mamolekyu ena amakhala akuchoka kupita m'madzi, ena akubwerera kukagwira pa ayisi, ndipo pa 0 ochoka ndi obwerera amafanana. Mchere ukasungunuka m'madziwo umalowerera pakati, obwerera amachepa pomwe ochoka akuchokabe, basi ayisi akutha. Koma kusungunuka sikuchitika ulere, galamu iliyonse ikufuna 334 wake, ndipo poti palibe moto woti upereke, kutenthako kumatengedwa m'chisakanizo chomwecho, nchifukwa chake chimazizira koopsa. Ikani madzi pang'ono, masupuni awiri atatu, m'kajumbo kapulasitiki komanga bwino nkukazika pakati pa chisakanizocho, pakatha mphindi 10 kapena 15 auma popanda firiji.

Ka ulusi kaja ntchito yake ndi iyi, ndipo ana amakakonda: ikani chidutswa cha ayisi m'madzi ozizira, gonekani ulusi wonyowa pamwamba pake, wazanipo mchere pang'ono chabe, werengani mpaka 60, kokani. Ayisi akwera ndi ulusi. Mcherewo unasungunula pamwamba, ulusi nkulowa, kenako madzi amcherewo atasukuluka pamalopo panaumanso. Mukachulutsa mchere sizigwira.

Madzi a m'nyanja zamchere, omwe amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu, amaundana cha pa -2, ndipo m'mayiko ogwa chipale amawaza mchere m'misewu pa chifukwa chomwechi. Chenjezo lokha, chisakanizo cha mchere ndi ayisi musachigwire nthawi yaitali ndipo musalole ana kuchiika pakhungu poyesana kulimba mtima, chimaotcha khungu mpaka matuza.

Madzi opitirira 0 koma osauma

Ichi ndi chomwe chimavuta kwambiri komanso chimakoma kwambiri. Pezani mabotolo awiri kapena atatu a madzi osefedwa bwino osatsegula, a mamililita 500, ndi lina limodzi la madzi a pampopi. Agonekeni onse mufiriza motalikirana, ndipo firiji isagwedezeke, chitseko musamangotsegulatsegula. Nthawi yake imatengera firiza, kawirikawiri ndi cha m'ma maola awiri mpaka awiri ndi theka. Botolo la pampopi ndi wotchi yanu, likayamba kuuma pomwe enawo akadali amadzimadzi ndiye kuti nthawi yakwana. Tulutsani limodzi mosamala kwambiri osaligunditsa. Kenako limenyetseni patebulo kamodzi. Ayisi ayambira pamalo amodzi nkuyenderera botolo lonse m'masekondi ochepa inu mukuona. Lachiwiri litseguleni pang'onopang'ono, tsanulirani pa chidutswa cha ayisi chomwe chili m'mbale, madziwo aziuma akamagwa nkumaunjikana chokwera.

Madzi amenewa anali pa -6 kaya -8 koma osauma, chifukwa kuti ayisi ayambe pamafunika poyambira, kafumbi, kokanda pakhoma la botolo, kachidutswa ka ayisi wina, kapena kugwedezeka. Pa 0 ndi pomwe madzi amaloledwa kuundana, koma popanda poyambira amatha kudikira. Ayisi yekha sadikira chonchi, akangofika pa 0 kutentha kukulowa amasungunuka basi. Daniel Fahrenheit analemba za zimenezi mu 1724, ndipo m'mitambo timadontho ting'onoting'ono timatha kukhala tamadzimadzi mpaka cha m'ma -40, ndi timene timaundana pa mapiko a ndege tikangogundana nawo.

Finyani botolo lija mwamenyetsa. Si lolimba gwa, mkati ndi phalaphala. Zikani themometa, ili pa 0, yakwera kuchoka pa -8. Ndi 334 uja wabweranso: madzi omwe aundana atulutsa kutentha kwawo, kutenthako kwafunditsa otsalawo kufika pa 0, kuundana nkuima. Werengani nokha, madigiri 8 kuchulukitsa ndi 4.2 ndi pafupifupi 34, pa 334 ndi gawo limodzi pa 10, nde madzi omwe asanduka ayisi ndi ochepa chonchi ngakhale botolo lonse likuoneka loyera. Mukapeza onse auma kale mufiriza, asungunuleni kotheratu pasatsale ngakhale kachidutswa, mubwereze mutachepetsa nthawi ndi mphindi 15.

Ziwiri zotsala kwa amene ali ndi nthawi

Tengani chibuma cha ayisi, chisanjikeni pa timatabwa tiwiri, dutsitsani waya wopyapyala wa kopa pamwamba pake nkumangirira botolo lodzadza madzi mbali iliyonse kuti azikoka. Pakatha ola kapena kupitirira waya amadutsa chibuma chonse koma chibumacho osagawika. Kupanikiza kumatsitsa malo osungunukira ayisi, pang'ono kwambiri, pamafunika kupanikiza koposa mpweya wotizungulirawu maulendo oposa 130 kuti atsike ndi digiri imodzi, koma pa ayisi amene ali kale pa 0 kutsika pang'ono komwe kumachitika pansi pa waya wopyapyala nkokwanira. Madzi amazembera pamwamba pa waya nkuumanso, kutentha komwe atulutsa waya amakutsitsira pansi kukasungunula pena. Yesani ndi ulusi wa nayiloni muone kuchedwa kwake, suyendetsa kutentha.

Chinacho ndi nkhani yoti madzi otentha amauma msanga kuposa ozizira. Erasto Mpemba, ali mwana wasukulu ku Tanzania mu 1963, anaona zoterezi, ndipo mu 1969 analemba za izo limodzi ndi Denis Osborne yemwe ankaphunzitsa ku Dar es Salaam. Mpaka pano asayansi sagwirizana, ena amazipeza ena sazipeza, ndipo kwa ine vuto lalikulu lili pa kayesedwe. Mukafuna kuyesa gwiritsani makapu ofanana ndendende, madzi olemera mofanana, onse muwaike pa kathabwa kuti kapu yotentha isasungunule ayisi wa pansi pa firiza nkukhudzana ndi chitsulo mwachindunji. Yezaninso kulemera pamapeto chifukwa otentha amataya ena ngati nthunzi, nde amatsala ochepa. Bwerezani mutasinthanitsa malo a makapuwo, poti firiza siizizira mofanana paliponse. Ndipo musanayambe gwirizanani kuti kuuma mukutanthauza chani, kufika pa 0, kuoneka kwa ayisi woyamba, kapena kulimba mpaka pakati, chifukwa kapu yomwe yatsogola pa chimodzi imatha kutsalira pa chinacho.